Phiri la Ndirande linali ndi lamulo, nanga mitengo inapita kuti?

Awa ndi mawu amene mkulu wathu, mmodzi mwa omwe anayambitsa kalabu ino, analankhula pa mkumano wa Loweruka lapitali. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano, makamaka inu amene munali ku ganyu ndi ku mpira. Tawasiya momwe anawalankhulira.

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo amene mwabwera kudzakhala nafe, zikomo kwambiri. Ang'ono anga a kuno ku Makata, ndi inu mwatsika kuchokera ku Goliyo, ku Chinseu ndi ku Malabada, muli bwanji nonse?

Anandipempha kuti ndilankhule za malamulo oletsa kapena kuchepetsa migodi m'nkhalango ndi m'malo ena osachedwa kuwonongeka. Uthenga utangoikidwa pa gulu lathu la WhatsApp, wina mwa inu anandilembera kumbali. Anati, "Achimwene, ku Makata kuli mgodi wanji? Ife vuto lathu ndi ntchito." Sinditchula dzina, koma ali momwemuno ndipo akuseka. Funso lako ndi labwino mng'ono wanga, ndipo ndiyamba ndi lomwelo.

Tatembenukani muyang'ane phiri ilo. Mukuona chiyani? Miyala, minda ya chimanga, nyumba zokwera mpaka pamene mbuzi imachita kupumira. Inu amene munabadwa cha m'ma 2000 mumaona ngati linalengedwa choncho. Ine ndili sitandade 2 phiri limenelija linali lakuda bii ndi mitengo ya paini ndi bulugamu. Tinkaopa kulowamo, osati chifukwa cha afisi okha, komanso alonda a zankhalango, omwe akakugwira ndi nkhwangwa unkadziwa kuti lero kunyumba kulira maliro a munthu wamoyo. Nkhalango ya Ndirande inalembedwa kuti ndi yotetezedwa mu 1922, agogo a agogo anu akadali ana. Ndiye kunabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Ufulu unabwera, ndipo tinausangalalira, koma ena tinaumva mwina. M'zaka zochepa chabe phiri linametedwa mpala. Ine ndemwe ndinasenzako nkhuni zimenezo, sindikuloza munthu chala.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: palibe tsiku limene Nyumba ya Malamulo inakhala pansi n'kunena kuti kuyambira lero Ndirande si nkhalango yotetezedwanso. Lamulo linalipo. Mitengo inatha lamulo lili chikhalire m'kabati.

Zotsatira zake mumazidziwa kuposa ine, chifukwa ndinu mumadzuka ndi zigubu m'mamawa. Damu la Mudi, lili apa pafupi, limadalira madzi otsika m'phiri lomweli. Mitengo itatha, mvula ikagwa imakokolola dothi lonse n'kukalithira m'damu. Pano damuli limangopereka gawo laling'ono la madzi a mzinda uno. Ambiri amachokera ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho kuti afike kuno. Ndiye chifukwa chake magetsi akavuta, nayonso mipopi imatsokomola.

Tsono mzinda utakula, madzi n'kuchepa, a Blantyre Water Board anayang'ana kuti? Ku Mulanje. Kuyambira cha mu 2019 pali mapaipi amene amatenga madzi mumtsinje wa Likhubula, malita pafupifupi 20 miliyoni patsiku, kuwayeretsa ku Nguludi, n'kuwabweretsa ku Bangwe ndi mbali zina za Limbe. Ntchitoyi isanayambe anthu a ku Mulanje anakana kaye, ankati dzalani mitengo m'phiri muno musanatenge madzi athu. Ife kuno tinkawanena kuti ndi ovuta. Lero ndikaganiza ndimaona kuti iwo anali ataphunzira zimene ife tinalephera kuphunzira pa phiri lathu lomwe.

Ndiye mng'ono wanga wa funso lija, mgodi suli ku Makata, n'zoona. Koma madzi amene azakhali ako akumwa ku Bangwe akuchokera m'phiri limene anthu akufuna kukumbamo mgodi. Ndipo madzi a mzinda ndi amodzi. Ku Bangwe kukauma, amagawana omwewa amene tikulimbirana kunowa.

Tiyeni tikwere ku Mulanje pang'ono. Pamwamba pa phirili, cha ku Lichenya, pali dothi lofiira lotchedwa bauxite, limene amapangira aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto ndi zitini za zakumwa. Analipeza kalekale, m'zaka za m'ma 1920, ndipo akafukufuku amati lilipo matani oposa 25 miliyoni. Kuyambira nthawi imeneyo makampani akhala akubwera, kuyeza, n'kubwerera. M'zaka zaposachedwapa kampani ya kuno konkuno ya Akatswiri Mineral Resources yakhala ikunena poyera kuti ikufuna kukumba dothili, ndipo mafumu, magulu a zachilengedwe ndi anthu ambiri a ku Mulanje akhala akukana. Mbali ina ya phiri, ku Chambe, kampani ya Spring Stone inayamba kufufuza miyala yosowa ija imagwira ntchito m'mafoni ndi m'maginito cha mu 2011. Anthu akumeneko anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ntchito inaima kwa kanthawi.

Bauxite sakumba ngati golide wa ku Joni, kuti munthu alowe pansi ndi tochi pamutu. Amakhala pamwamba, ndiye kukumba kwake n'kusenda phiri ngati mbatata. Amachotsa udzu, mitengo ndi dothi la pamwamba pa malo aakulu, kenako n'kukokolola lofiiralo. Tsono udzu ndi dothi la pamwamba pa Mulanje ndi zimene zimamwa mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa madzi pang'onopang'ono chaka chonse. Likhubula, Lichenya, Ruo, Thuchila, Phalombe, yonseyi imabadwira kumeneko. Minda ya tiyi, masikimu a mthirira, mipopi ya m'midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, zonse zimayamwa bere limodzi. Kumenekonso ndiye kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo macheka a anthu akuba anautha kale pafupifupi wonse mgodi usanafike n'komwe.

Tsopano funso ndi lakuti, lamulo likuti chiyani? Apa ndiye ndikufuna tikhalitse, chifukwa ambiri timalimva molakwika.

Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Lamulo la zankhalango limene tikugwiritsa ntchito pano ndi la 1997, ndipo linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikwere. Mukafunsa munthu pamsewu anena kuti lamuloli limaletsa migodi m'nkhalango. Ine ndinkaganizanso choncho, mpaka tsiku limene ndinawerenga ndekha gawo 46. Gawo limeneli limatchuladi zinthu zoletsedwa m'nkhalango yotetezedwa: kudula mitengo, kulima, kudyetsa ziweto, kumanga nyumba, kufufuza ndi kukumba miyala. Koma pamwamba pa mndandanda wonsewo pali timawu tochepa tonena kuti zonsezi n'zoletsedwa pokhapokha munthu akhale ndi chilolezo. Mwamva? Pokhapokha akhale ndi chilolezo. Ndiye kuti nkhalango ili ndi mpanda, inde, koma mpandawo uli ndi chipata, ndipo pali anthu amene amasunga kiyi.

Sindikunena kuti chipatacho n'choipa. Popanda icho ngakhale mapaipi a ku Likhubula aja sakanaikidwa, ngakhale ofuna kuika ming'oma ya njuchi sakanalowa. Koma mukadziwa kuti pali chipata, mumasiya kufunsa kuti "kodi n'zololedwa?" n'kuyamba kufunsa kuti "wasaina ndani, liti, ndipo anafunsa ndani asanasaine?"

Pali lamulo lachiwiri, la migodi. Lakale linali la 1981, ndipo linakhala zaka zambiri lisanasinthidwe. Linalowedwa m'malo ndi la 2019, kenako la 2023, limene linakhazikitsanso bungwe loyang'anira migodi lija amalitchula mwachidule kuti MMRA. Mfundo yoyamba m'malamulo amenewa imadabwitsa anthu ambiri: miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko. Ngakhale munda ukhale wa agogo ako, ngakhale uli ndi mapepala a puloti, golide wa pansi pake si wako. Amene amapereka chiphaso ndi boma. Ndipo ziphaso zili mitundu. Pali chofufuzira, chimene chimalola kampani kuyeza, kuboola ndi kutenga dothi lokayeza. Pali chokumbira, chimene chimalola mgodi weniweni. Mukamva pa wailesi kuti kampani yakuti ili ndi laisensi m'phiri lakuti, funsani kaye kuti laisensi yanji. Anthu ena amaopsezedwa ndi pepala lofufuzira ngati kuti zonse zatha kale, pamene nkhani ikadali poyambira. Komanso musanyoze pepala lofufuziralo, chifukwa kampani ikathira ndalama zake zambiri pofufuza, kudzaiuza kuti basi pitani kumakhala kovuta. Nthawi yabwino yolankhula ndi yoyambirira ija, makina asanakwere.

Lamulo lachitatu ndi limene ine ndimalikonda, la kasamalidwe ka zachilengedwe la 2017. Limeneli ndi lomwe linabala bungwe la MEPA. Limanena kuti ntchito yaikulu ngati mgodi isayambe pasanachitike kafukufuku woona mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo a MEPA avomereze kaye. Mu kafukufuku ameneyu anthu okhudzidwa ayenera kufunsidwa maganizo. Pamapepala n'zokoma kwabasi. Koma taonani mmene zimayendera. Amene amalemba ntchito akatswiri a kafukufukuyo, n'kuwalipira, ndi kampani yomwe ikufuna mgodiyo. Lipoti limatuluka la masamba mazanamazana, m'Chingerezi chakuti ngakhale ine wa MSCE yanga ndimachita kutuluka thukuta. Msonkhano wofunsa anthu umatha kuitanidwa Lachiwiri m'mawa, achinyamata ali kusukulu ndi ku maganyu, kubwera anthu ochepa, kulandira Fanta ndi kandalama ka thiransipoti, n'kulemba maina papepala. Pepala la maina lija ndi limene limakakhala umboni wakuti anthu anafunsidwa. Ine ndinakhalapo pa msonkhano wotere, sunali wa mgodi koma wa ntchito ina, ndipo ndinasaina. Nditafika kunyumba mayi anu aakulu anandifunsa kuti mwagwirizana zotani, ndinangoti kakasi. Ndinali nditasainira Fanta.

Koma m'lamulo lomweli muli mfundo imene ndikufuna aliyense wa inu aisunge. Limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osamalika, ndipo limalola munthu kupita kukhoti kukateteza ufulu umenewu ngakhale asanaonetse kuti iye mwini wavulala kapena waluza katundu. Kale woweruza amatha kukufunsa kuti iwe wa ku Makata, za ku Lichenya zikukukhudza bwanji, n'kukubweza pakhomo. Pano khomo limenelo linatsegulidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 13, amauzanso boma kuti lisamale chilengedwe poganizira ufulu wa mibadwo ya mtsogolo. Mibadwo ya mtsogoloyo musaifune patali, ndi inu amene mwakhala pa mabenchi apa, ndi kamwana kali kumbuyo kwa mayi ako uko.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndi malo achitatu m'Malawi muno, kutsatira paki ya m'nyanja ku Cape Maclear mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Anthu anavina, ndipo kunali koyenera kuvina. UNESCO imanena momveka kuti migodi siyenderana ndi malo oterewa, ndipo makampani akuluakulu a migodi padziko lapansi, kudzera m'bungwe lawo, analonjeza mu 2003 kuti sadzakumba m'malo amenewa. Izi zimathandiza kwambiri, chifukwa mabanki akunja amachita manyazi kubwereketsa ndalama zokakumbira malo otere. Koma UNESCO ilibe apolisi. Siingabwere kudzamanga munthu ku Likhubula. Chimene ingachite n'kuika malowo pa mndandanda wa malo amene ali pachiopsezo, kapena kuwachotsa pa mndandanda, dziko n'kuchita manyazi. Kiyi ya chipata chija ikadali ku Lilongwe.

Kuti muone mmene kiyi imasinthira manja, tiyeni tione kwa aneba athu ku Zambia. Kumeneko kampani ina inafuna kukumba kopa mkati mwenimweni mwa paki ya Lower Zambezi. Mu 2012 bungwe lawo la zachilengedwe, ZEMA, linakana. Mu 2014 nduna inatembenuza chigamulocho n'kuloleza. Magulu a anthu wamba anapita kukhoti, mlandu unakoka zaka, ndipo mu 2021 anagonja. Zinaoneka ngati zatha. Koma anthu sanatope, anapitiriza kulemba, kusainitsa ndi kulankhula pa wailesi, mpaka mu 2023 boma linaimitsa ntchitoyo ndipo chilolezo chinafafanizidwa. Zaka zoposa khumi, paki yomweyo, malamulo pafupifupi omwewo, koma yankho linasintha kangapo. Chimene chinkasintha ndi amene wagwira cholembera, ndi kuchuluka kwa maso amene akumuyang'ana.

Ku Zambia komweko, mu February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Copperbelt, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Mgodiwo unali ndi mapepala ake. Chaona mnzako chapita, paja amatero akuluakulu.

Tsopano ndibwerere kwa mng'ono wanga uja, chifukwa mbali yachiwiri ya funso lake sindinaiyankhe. Anati vuto lathu ndi ntchito. N'zoona, ndipo ine sindinabwere kudzakuuzani kuti migodi ndi satana. Dziko lino lilibe ndalama zakunja. Mafuta amasowa, feteleza wakwera, fodya yekha sangatinyamule. Boma likuika chiyembekezo pa migodi, ndipo kuli miyala ku Kasiya, ku Kangankunde ku Balaka, ku Songwe ku Phalombe, ku Kayelekera ku Karonga. Wina wa inu akaphunzira za miyala kapena kuyendetsa makina n'kukalembedwa kumeneko, ine ndidzakhala woyamba kumuimbira m'manja. Foni imene mukujambulira apayi ndi ya miyala yokumba. Sitingadye nyama n'kumanyoza wopha.

Koma tiziwerengera bwino. Mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, mu 2014 unaima chifukwa mtengo wa yureniyamu unagwa pamsika wa dziko lonse, anthu mazanamazana n'kubwerera kumudzi. Wadzatsegulidwanso mu 2025, patatha zaka khumi ndi chimodzi. Ntchito ya mgodi imabwera n'kupita malinga ndi mitengo ya ku London ndi ku Shanghai, imene ngakhale nduna yathu siingaisinthe. Lamulo limati kampani ya mgodi waukulu isainirane mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira, ndipo ndalama yake isachepere 0.45 peresenti ya zimene yagulitsa pachaka. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse, anthu a m'deralo K4.50. Ndi bwino kusiyana ndi kale pamene panalibe kanthu, koma muikeni pa sikelo ndi mtsinje umene ukumwetsa maboma atatu kapena anayi.

Pa bauxite palinso nkhani ya magetsi. Kuti upeze tani imodzi ya aluminiyamu umafuna matani anayi kapena asanu a dothi lija, ndipo kusungunula kwake kumadya magetsi koopsa. Fakitale ya Mozal, kufupi ndi Maputo, inkadya magetsi ochuluka kuposa onse amene dziko lathu lino limapanga. Ndiye wina akamalonjeza mafakitale ndi ntchito zikwizikwi, mufunseni mwaulemu kuti bwana, magetsiwo achokera kuti, poti ife kuno tikuwerengera kandulo? Ndipo poyeretsa dothilo pamatsala matope ofiira a mankhwala owotcha, amene ayenera kusungidwa m'madamu kwa zaka zambiri. Mufunsenso kuti damu limenelo lidzakhala pati, m'dera limene mu 1991 napolo anatsika ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, m'dera limene Freddy anagumula mapiri mu March 2023.

Maganizo anga ine, ndipo ndi anga, mukhoza kutsutsa: pali malo okumba ndipo pali malo osakumba. Pamwamba pa phiri pamene pamabadwira mitsinje ndi malo osakumba. Ndikanakonda lamulo lathu likanatchula malo oterewa ndi maina, n'kunena kuti apa palibe chilolezo, kaya nduna ikhale ndani, kaya boma likhale la chipani chanji. Panopa sizili choncho, ndiye ntchito yolondera chipata ndi yathu.

Ndisanakhale pansi ndibwere kunyumba, chifukwa n'kosavuta kuloza Mulanje n'kuiwala Nasolo. Muno muli anyamata amene amaphwanya kwale m'mbali mwa phiri. Muli ena amene amawola mchenga mu Mudi ndi mu Nasolo n'kumadzaza matipa. Muli oumba njerwa. Ndikukudziwani, ena ndinu mumalipirira ang'ono anu fizi ndi ndalama imeneyo, ndipo sindikuchitsani manyazi. Koma dziwani kuti pamaso pa lamulo mchenga ndi miyala yomangira nazonso ndi za migodi, ndipo wokumba kuti agulitse amayenera kukhala ndi chilolezo. Phiri la Ndirande likadali nkhalango yotetezedwa pamapepala, ndiye gawo 46 lija likukhudzanso hamala yako. Ukafukula mwala m'munsi, n'kuwotchapo matayala kuti usweke, umamasula umene uli pamwamba pake. Amene tinapita ku Chilobwe kukathandiza kufukula anthu m'matope a phiri la Soche nthawi ya Freddy sitifuna kudzaonanso zimene tinaona. Dziko lino linataya anthu oposa 600 pa namondwe ameneyo, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero. Nyumba zimene zili kunsi kwa malo amene mukukumbawo ndi za amayi anu.

Ndikudziwa chimene chikukuwawani mumtima, chifukwa inenso chimandiwawa. Wa njinga ya makala amagwidwa pa rodibuloko, njinga kulandidwa, iye kukagona m'chitokosi. Wa hamala amathamangitsidwa. Koma wobwera ndi galimoto yaikulu ndi chikwama cha mapepala amalowa pachipata alonda akumuchitira sawasha. Onse awiri akuchotsa kanthu m'nkhalango imodzi, wina ndi thumba, wina ndi makina. Ndiye mnyamata amati, ngati akuluakulu akudya, ine ndilekerenji? Koma taganiza, ukatero wathandiza ndani? Tsiku limene udzaimirire pa msonkhano kunena kuti musakumbe m'phiri, adzakuyankha kuti phirilo mwalitha kale ndinu nomwe, ife tikungotola zotsala. Mawu amenewa anenedwapo kale za Mulanje, chifukwa cha mkungudza ndi makala, ndipo amapweteka chifukwa muli choonadi mkati mwake. Anthu amene akusamala malo awo ndi amene mawu awo amalemera akamakana.

Kwa inu a kwale ndi mchenga, pempho langa ndi lakuti tikhale pansi ngati kalabu, tilembe maina, tipite limodzi kwa a khansala ndi ku khonsolo ya mzinda tikafunse kuti malo ololedwa ndi ati, ndipo gulu lingapeze bwanji chilolezo. Munthu mmodzi amathamangitsidwa, gulu lolembetsa amalipatsa mpando. Sindikulonjeza kuti ziyenda msanga, maofesi mumawadziwa. Koma tiyese, kusiyana n'kumathawa nthawi zonse ngati mbava pamene ukugwira ntchito yothyola msana.

Kwa inu a mafoni, amene bandulo yanu imathera pa TikTok, ndili ndi ntchito yanu. Boma lili ndi mapu pa intaneti oonetsa ziphaso za migodi m'dziko lonse lino. Mukalemba kuti Malawi mining cadastre muwapeza. Mumadina pamalo, n'kuona dzina la kampani, mtundu wa chiphaso ndi masiku ake. Ambiri muno kwanu ndi ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Zomba, ku Ntcheu. Kayang'aneni mudzi wa kwanu. Mwina mupeza kuti munda wa agogo anu uli mkati mwa bokosi la kampani imene iwo sanaimvepo. Mukapeza, musayambe ndi kutukwana pa Facebook. Aimbireni foni amalume, afunse kwa amfumu ngati anauzidwa.

Palinso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Limalola iwe, ngakhale ulibe udindo uliwonse, kulemba kalata kupempha chikalata, monga lipoti la kafukufuku wa zachilengedwe lija, ndipo ofesi iyenera kuyankha. Akakana popanda chifukwa, kodandaula ndi ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ndi angati muno analembapo kalata yotere? Palibe dzanja. Inenso langa lili pansi. Ndiye tiyambe limodzi. Alembi, mulembe kuti mwezi uno kalabu ilemba kalata imodzi, ndipo lipoti likabwera tidzagawana masamba, aliyense khumi, amene Chingerezi chimawamvera atimasulire enafe m'Chichewa.

Ndipo tsiku limene mudzaitanidwe ku msonkhano wofunsa maganizo, kaya ndi wa mgodi, wa msewu kapena wa fakitale ya kuseri kwathu kuno, Fanta imwani, si mlandu. Koma musanasaine funsani kuti pepalali likunena kuti ndinabwera, kapena likunena kuti ndavomera? Funsani kuti madzi adzachokera kuti ndipo otsala adzatayidwa kuti. Funsani kuti akadzamaliza kukumba, adzakwirire maenje ndani, ndipo ndalama yake yasungidwa kuti. Pemphani kuti mafunso anu alembedwe mu maminitsi, ndipo mujambule tsambalo.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December. Chaka chatha tinadzala m'mbali mwa Nasolo, ndipo tinene zoona, yambiri inadyedwa ndi mbuzi chifukwa titajambulitsa zithunzi palibe anabwererako. Chaka chino tidzale yochepa, koma mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake wodziwika dzina. A wapampando, nthawi yanga yatha kalekale, ndaona mukundiyang'anitsa wotchi. Amene ali ndi bandulo abwere kutsogolo kuno titsegule mapu aja tisanabalalike, tiyambire Mulanje kenako Ndirande.